Mutu 9: Nsalu ya Chamba, Kulimba Kwake ndi Khalidwe Lake pa Moto

Munthu wa ku Thambani, kumene mapiri a boma la Mwanza atsamira malire a dziko la Mozambique, akamagula chovala amayamba wafunsa za moyo wake asanafunse za kukongola kwake. Pakuti iye amene m'mawa alowa m'munda wa nandolo mame asanakamuke, masana nasenza mtolo wa nkhuni kutsika nawo phiri, madzulo nakhala pansi kuwotha moto, adziwa bwino lomwe kuti malaya amene anawala pamsika angathe kusanduka sanza mwezi usanaoneke kawiri. Minga imakoka, thukuta limadya, mwala wochapira kumtsinje umapala, dzuwa la Okutobala limasulutsa, ndipo ndalama ya manachesi, imene imadza kamodzi pachaka, siilola mwini nyumba kuveka mbumba yake kawirikawiri. N'chifukwa chake mbiri ya nsalu yoombedwa ndi ulusi wa chamba, imene ikumveka masiku ano kuti ndi yolimba koposa thonje, siyenera kutayidwa ngati nkhambakamwa. Koma pamodzi ndi mbiri yoonayo pakuyenda inanso yonama, yakuti nsalu imeneyi sigwira moto. Ndipo popeza bodza lotere lingathe kupsereza mwana, tiyenera kulekanitsa ziwirizi mosathamanga.

Choyamba timvane za mbewu yeniyeniyo, chifukwa dzina lake lokha limadzidzimutsa akulu a mpingo ndi nyakwawa zomwe. Chamba chimene tikunena pano n'cha mtundu umodzi ndi chija chozunguza mutu, chimene apolisi amagwira m'matumba pamsewu. Koma alimi a maiko ena anachisankha mibadwomibadwo chifukwa cha phesi lake, osati maluwa ake, kotero kuti mankhwala oledzeretsa aja, otchedwa THC, anatsalamo ochepa zedi, ndipo malamulo a dziko lathu salola kuti apitirire gawo limodzi pa magawo 100. Pamene a Boniface Kadzamira, amene panthawiyo anali phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo mu 2015 kupempha kuti mbewu imeneyi iloledwe, anzawo ambiri anaseka. Komabe chaka chomwecho kampani ya Invegrow inayamba kuyesa kuilima ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, ndipo mu Febuluwale 2020 nyumba yomwe ija inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala, pansi pa ulamuliro wa bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kudakali mlandu monga kale, ndipo palibe amene angafese ngakhale mzere umodzi popanda chiphaso cha bungwelo.

Luso lotenga ulusi m'khungwa si lachilendo kwa ife. Makolo athu ankasenda mombo, naunyika, nausula ndi chibonga kufikira utasanduka chiwondo chofunda. Ankapota bwazi pantchafu kukhala maukonde, ndipo khonje ndi mlambe zinkawapatsa zingwe. Pamene David Livingstone anakwera chigwa cha Shire mu 1859, kumunsi kwa mapiri omwewa, anapeza Amang'anja akupota thonje ndi kuomba nsalu zawo m'midzi. Luso limenelo linazilala pofika nsalu za amalonda. Kenaka, m'zaka za m'ma 1960, fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inayamba kuveka mtundu ndi thonje la m'minda yathu. Ndipo lero chovala cha anthu ambiri a kumudzi chichokera pamulu wa kaunjika, pamene thonje, nayiloni ndi poliyesitala zasakanikirana popanda wozilekanitsa. Nsalu ya chamba sinafale m'misika yathu. Ino ndiyo nthawi yabwino yoidziwa, amalonda asanatiuze okha zimene afuna kuti tikhulupirire.

Mlimi wofuna ulusi amafesa chamba mothinana, kuti mbewu zisachite nthambi koma zithamangire kumwamba kulimbirana dzuwa, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi mapesi amakhala atatalika mamita awiri, atatu, ena kuposa apo. Amawadula njere zisanakhwime, nawayala pansi kuti mame ndi mvula ziwavunditse, kapena kuwanyika m'madzi masiku angapo, kufikira ulimbo wachilengedwe umene umamata khungwa kumtima wa phesi utawola. Apa ndi pamene pagona luso lonse: ukafulumira kuvuula, ulusi umakana kusiyana ndi phesi, nsalu nikhala yokhakhala yolasa thupi, ukachedwa, kuvunda kumalowa mu ulusi momwe, ndipo nsalu imabadwa yofooka isanavalidwe n'komwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mapesi akauma amawathyola, kuwapuntha kuti mtima uyoyoke, ndi kupesa luzi lotsalalo ndi zipeso zazitsulo kufikira litasalala, ndipo pamenepo ndi pamene wopota ndi woomba ayamba ntchito yawo.

Kulimba kwa nsaluyi kuli ndi chifukwa chake chooneka ndi maso. Thonje ndi ubweya womera panjere, ndipo kaubweya kalikonse n'kakafupi, masentimita awiri kapena atatu, kotero kuti ulusi wa thonje umagwirana chifukwa cha kupotedwa kokha. Pamene luzi la chamba limayenda m'litali mwa phesi, mita yathunthu ndi kupitirira, pakuti Mlengi analiika pamenepo kuti lichirikize mbewu yaitali pamphepo. Ulusi wotere ukaukoka suduka msanga, ndipo ukanyowa umalimbirapo m'malo mofooka. Ichi ndicho chifukwa chake kwa zaka mazana ambiri zombo za ku Ulaya zinkaoloka nyanja zamchere ndi matanga ndi zingwe za chamba. Anthu a ku China anachivala zaka zikwi zapitazo, ndipo kufikira lero ndiwo atsogola pa kuomba nsalu yake. Ndipo mu 1942, asilikali a Japan atalanda zilumba za Philippines kumene kunkachokera zingwe za mtundu wina, boma la America linapempha alimi ake kuti alime chamba cha zingwe za nkhondo. Kwa wovala, ubwino wake wina ndi wakuti nsaluyi imamwa thukuta ndi kuuma msanga, imafewa ikamachapidwa, ndipo njenjete, imene imakonda ubweya wa nkhosa, siipezamo chakudya.

Komatu tisaitamande mopitirira muyeso, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ulusi wa chamba sutamuka: ukaukoka umangotalika pafupifupi magawo 2 pa 100 kenaka n'kuduka, pamene thonje limatamuka katatu kuposa apo lisanagonje. Chotero nsalu yake imachita makwinya msanga, ndipo pamene ipindidwa malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, monga pakolala, pampendero wa buluku, kapena pamzere umene simbi imadinda Lamlungu lililonse, ndi pomwe imayambira kuthetheka, kwina konse kudakali kwamphamvu. Chinyontho chokhalitsa nachonso ndi mdani wake. Amalinyero aja ankapaka phula zingwe zawo chifukwa zinkavunda kuyambira m'kati, kunja zikuoneka zabwino, ndipo chovala chosiyidwa chonyowa m'dengu nyengo ya dzinja chidzachita chuku monga chinzake cha thonje. Jiki amadya ulusi wake, chiswe sichiusiya. Tidziwenso kuti nsalu zambiri zogulitsidwa ndi dzina la chamba n'zosakaniza, kawirikawiri magawo 55 a chamba ndi 45 a thonje, ndipo pofuna kuti ulusi uyende m'makina a thonje amayamba audula kukhala waufupi, motero gawo la mphamvu ija limatayika panjira. Nsalu yopyapyala ya chamba sidzaposa kaki wokhuthala wa thonje. Koma zikafanana kulemera ndi kaombedwe, ya chamba ndiyo idzatsala inzake itapita, ndipo kwa mlimi, kwa mmisiri, kwa mwana wa sukulu wotsetsereka pamiyala, umenewo si mwayi wochepa.

Tsono tifike pa moto, pamene pali nkhani yaikulu. Mphekesera yakuti chamba sichipsa ili ndi gwero lake: kumaiko ena amatenga mtima wa phesi uja, nausakaniza ndi laimu ndi madzi, namangira makoma a nyumba, ndipo makoma amenewo amakanadi moto nthawi yaitali. Koma wokana motoyo ndi laimu. Amene amva za khoma nakauza anzake za malaya ndiye kandimverere uja anakanena za m'maluwa. Ulusi wa chamba, monga wa thonje, wa fulakisi, wa khonje ndi wa bwazi, thupi lake lalikulu ndi chinthu chimene akatswiri amachitcha selulozi, chomwenso chili m'nkhuni, m'udzu ndi m'pepala. M'thonje chilimo pafupifupi magawo 90 pa 100, m'chamba pafupifupi 70. Chimene chapangidwa ndi thupi la nkhuni chidzayaka monga nkhuni, kaya n'cholimba chotani pochikoka.

Aliyense angathe kudzionera yekha, ndipo telala wanzeru ayenera kuchita zimenezi ndi nsalu iliyonse yachilendo. Dulani kachidutswa kakang'ono kumpendero, mukagwire ndi pulayala kapena timitengo tiwiri, muli panja, beseni la madzi lili pambali, ndipo mukayandikize ku lawi la kandulo. Kachidutswa ka chamba kapena ka thonje sikathawa lawi. Kamagwira nthawi yomweyo, kuyaka ndi lawi lachikasu, kununkha pepala lopsa, ndipo mukakachotsa pakandulo kamapitiriza kuyaka kokha. Mukauzira lawi n'kuzima, yang'anitsitsani m'mphepete: mudzaona kamzere kofiira kakuyenda pang'onopang'ono, kakudya nsalu mwakachetechete, ndipo kamzere kameneko ndiko kamatentha nyumba usiku anthu atagona, poganiza kuti moto wa pachofunda unazima. Chotsala ndi phulusa lotuwa, lofewa, loyoyoka pachala. Kachidutswa ka poliyesitala kamachita zina: kamakwinyika kuthawa lawi, kamasungunuka, kamadontha, kamatulutsa utsi wakuda, ndipo kakazizira kamasiya kamkanda kolimba kosaphwanyika. Ka ubweya wa nkhosa kamanyeka monyinyirika, kununkha tsitsi lowauka, ndipo kawirikawiri kamazima kokha mukakachotsa pamoto.

Akatswiri ali ndi muyeso wa zimenezi. Mumpweya umene timapuma, okosijeni, amene ndiye chakudya cha moto, alimo magawo 21 pa 100. Thonje limapitiriza kuyaka ngakhale okosijeni atachepa kufika pa magawo 18, ndipo chamba ndi fulakisi zili m'gulu lomwelo. Ubweya wa nkhosa umafuna pafupifupi magawo 25, oposa amene ali mumpweya, n'chifukwa chake moto umaugwira movutikira. Pa muyeso umenewu chamba chilibe ulemu uliwonse woposa chitenje cha thonje chimene amayi avala kale.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene tingaiyamikire nsalu ya chamba pamoto, ndipo sichaching'ono: siisungunuka. Poliyesitala amasungunuka pa madigiri pafupifupi 255, nayiloni pakati pa 220 ndi 260, kutentha koposa kawiri madzi owira; ndipo chosungunukacho chimamatirira pakhungu, nichipitiriza kuotcha mnofu ngakhale lawi litazima, kotero kuti bala limalowa pansi ndipo anamwino amavutika kulitsuka. Choopsa koposa ndi nsalu yosakaniza ulusi wa mbewu ndi poliyesitala, imene yadzaza pakaunjika ndi m'zitenje zotsika mtengo. Pakuti m'menemo ulusi wa mbewu umagwiriziza poliyesitala kuti asadonthe n'kugwa, poliyesitalayo nadyetsa lawi, ndipo ziwirizo pamodzi zimayaka koposa mmene chilichonse chikanayakira pachokha. Chotero chamba chosakaniza ndi poliyesitala chataya ngakhale ubwino umodzi umene chinali nawo. Munthu wotentha makala, wosula makasu, wowotcherera zitsulo kapena wokazinga tchipisi pa chiwaya, ngati ayenera kusankha pakati pa ovolosi yokhuthala ya chamba kapena thonje ndi jekete la nayiloni la pakaunjika, asankhe yoyambayo. Koma aivale podziwa kuti ichedwetsa moto chabe, siiuletsa, ndiponso kuti ikamwa mafuta kapena palafini isanduka chingwe cha nyali.

Kunena zoona, dzina la ulusi lili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi kulemera kwa nsalu, kaombedwe kake ndi kasokedwe ka chovala. Aliyense wosonkha moto adziwa kuti udzu wouma umalilima m'kuphethira kwa diso pamene chipika cha mtengo chimayamba chafuka. Momwemonso nsalu yopyapyala, yoombedwa motayana, kapena yokhala ndi ubweyaubweya pamwamba, mpweya umailowa mbali zonse ndipo lawi limaithamanga, pamene yokhuthala yoombedwa mothinana imapatsa munthu kamphindi kakuti aione ndi kuizima. Dziko la America linaphunzira zimenezi ndi misozi, ana ndi atsikana atapsa m'zovala zaubweyaubweya za ulusi wa rayon, ndipo mu 1953 linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa nsalu zoyaka mofulumira; mwa malamulo awo, nsalu yosalala yolemera magalamu 88 kapena kuposa pa sikweya mita imaloledwa popanda kuiyesa, kaya ndi ya ulusi wanji. Izi sizitanthauza kuti siyaka, koma kuti siyaka mwa liwiro loposa muyeso. Kasokedwe nako n'kofunika: dilesi lotayatayi, siketi yotambalala, chitenje cholendewera, zonsezi zimakhudza moto mwini asanadziwe, ndipo popeza lawi limakwera, mpweya wolowa kunsi umalitengera kuchifuwa ndi kunkhope.

Nanga palibe mankhwala oletsa nsalu kuyaka? Alipo, ndipo n'zochititsa chidwi kuti mmodzi mwa oyamba kuwafufuza mwadongosolo anayesera pa chamba chomwechi. Katswiri wa ku France, Joseph Louis Gay-Lussac, atapemphedwa m'masiku a mfumu Louis XVIII kuti apeze njira yotetezera nsalu za m'nyumba za zisudzo, anaonetsa mu 1821 kuti nsalu za chamba ndi fulakisi zonyikidwa m'mchere wina wa amoniya pamodzi ndi borakisi zimada ndi kunyeka koma osalilima. Vuto lake ndi lakuti mchere wotere umasungunuka m'madzi, ndipo chovala chikachapidwa chitetezo chimatsalira mumtsinje. Mafakitale a masiku ano ali ndi mankhwala olowerera mu ulusi amene sachoka msanga, ndipo ndiwo amaikidwa m'zovala za antchito a m'migodi ndi m'mafakitale. Koma nsalu yotere imadula, ndipo imakhala ndi chizindikiro chonena poyera muyeso umene inapambana. Chovala chopanda chizindikiro chotero chiyesedwe choyaka, ngakhale wogulitsa alumbire.

Zonsezi sizili kutali ndi khomo la munthu wa ku Thambani. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chisanu chikatsika m'mapiri, mbaula imalowa m'nyumba ndipo ana amaunjikana pamoto atafunda zitenje. Mayi amawerama pamafuwa kuvundula nsima, nsonga ya mbereko ikulendewera pafupi ndi chikuni, maso ake ali pamphika. Koloboyi amayaka pafupi ndi chofunda. Ndipo m'chilimwe moto wa osaka mbewa umayenda m'tchire. Chakudza sichiimba ng'oma. Madokotala a ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene chipinda cha anthu opsa chinatsegulidwa mu 1993, akhala akuona kuti ambiri ogonekedwa m'menemo ndi ana aang'ono, ndi kuti pakati pa akulu ambiri ndi odwala khunyu amene anagwera pamoto. Pano ndiyenera kunena mosabisa: khunyu silipatsirana, ngakhale pa thovu la kukamwa, ngakhale pa mpweya wa wodwalayo, ndipo amene aima patali kuopa kumgwira mbale wake ali pamoto wamsiya m'manja mwa imfa popanda chifukwa. Mkokeni msanga.

Ulendo wochokera ku Thambani kufika kuchipatala cha boma ku Mwanza si waufupi, ndipo kuchokera pa Mwanza kufika ku Blantyre pali makilomita pafupifupi 100. Tsono zimene zichitika m'mphindi zoyamba pakhomo ndizo zilamula kukula kwa bala. Chovala chikagwira moto munthu asathamange, chifukwa kuthamanga kumakupiza lawi. Agwe pansi, aphimbe nkhope ndi manja, agubuduzike, ndipo amene ali pafupi amthire madzi kapena amphimbe ndi nsalu yokhuthala, makamaka yonyowa, osati ya nayiloni. Moto ukazima thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, thupi lina lonse la mwana mutalifunditsa kuti asazizidwe. Vulani chovala chopsacho pamodzi ndi mphete ndi zibangili thupi lisanatupe, koma nsalu imene yamatirira pakhungu musaikoke, idulireni m'mbali. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, phulusa kapena ndowe, pakuti zonsezi zimalowetsa tizilombo ndi kuvutitsa amene adzatsuka balalo. Phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo nyamukani.

Tsiku likadzafika lakuti chamba cha ulusi chilimidwe mokwanira m'dziko muno, nichipotedwa ndi kuombedwa ndi manja a ana athu, ine ndidzakondwera nalo, pakuti dziko limene makolo ake ankavala za m'munda mwawo siliyenera kukhalira kutola zovala zimene ena anataya. Koma ndipempha a bungwe loona za miyezo ya katundu, a Malawi Bureau of Standards, pamodzi ndi onse amene adzaomba ndi kugulitsa nsaluyi, kuti pa chovala chilichonse padzalembedwe m'Chichewa ulusi umene ulimo ndi magawo ake, ndipo pa zovala za ana padzakhale chenjezo la moto lowerengeka. Ndipo inu amayi ndi abambo, mukadzaipeza pamsika, igulireni ntchito ya kumunda ndi yunifolomu ya ana, musankhe yokhuthala yosasakaniza ndi poliyesitala. Koma mwana wovala nsalu imeneyi mumtalikitse kumbaula monga momwe mukanachitira atavala ina iliyonse.